Amene Ankandigwirira Lachiwiri ndi Lachinayi

Kuno ku Mchinji amandidziwa kuti ndine mayi uja anakhalako ku Mangalande. Ena amandifunsa za kuzizira, ena za mfumu ya kumeneko ngati kuti ndinkamwa nayo tiyi, ndipo ndimayankha ndikuseka. Koma wina akangoti, "Mwana wanga akufuna akaphunzire kunja, tamuuzeniko za makoleji a kumeneko," kuseka kumathera pomwepo. Za koleji ndikuzidziwa. Ndikudziwa zimene amaphunzitsa, ndikudziwanso mtengo wake, wolembedwa pa pepala ndi wosalembedwa womwe. Ndimangowauza theka, chifukwa theka linalo likayamba kutuluka ndimapezeka ndikukalipira munthu wosalakwa.

Ndisanapite, ndinagwira zaka zambiri pa chipatala cha mishoni monga wothandiza mu wodi: kukolopa, kutaya mikodzo, kunyamula odwala. Anamwino ena anali ana oti ndinawaona akuyamwa, koma ndinkawayankha kuti "ee, sisita." Fomu folo ndinakhoza bwino, makamaka bayoloje, kungoti bambo anali ndi fizi ya mwana mmodzi, ndipo mwanayo anali mchimwene wanga. Iye ndiye anapita ku koleji. Lero amagulitsa mowa pa Kamwendo, satifiketi ikudyedwa ndi mphemvu m'sutikesi.

Nditamva kuti ku Mangalande akufuna anthu osamalira okalamba, ndinagulitsa puloti yanga, ndinasiya mwana wanga Chisomo kwa mng'ono wanga, n'kukwera ndege ku Lumbadzi ndi jekete yapakaunjika imene ndinkati ndi yokhuthala. Mphepo ya ku Rotherham inandiuza zoona tsiku loyamba lomwelo.

Ntchito inali yoyenda khomo ndi khomo. Kampani inkatitumizira mndandanda wa nyumba pa foni, ife n'kumathamangitsa mabasi. Ufike, umusambitse gogo, umuveke, umumwetse mankhwala, umuphikire phala, zonsezo mu theka la ola. Nthawi yodikira basi pa mvula sinkawerengedwa kuti ndi ntchito. Ndipo kampani yomweyo ndiyo inagwira viza yako, moti ukakangana ndi manijala, yamba kulongedza katundu. Tinaphunzira kumwetulira uku tikukukuta mano.

M'nyumba tinalimo anayi, aliyense kachipinda kake, khitchini imodzi. Chipinda choyandikana ndi changa munali Amake Dalitso, mayi wa ku Chipata, wamkulu kwa ine moti akanatha kukhala mayi anga aang'ono. Anali wamfupi, wamawu aakulu, woyenda motsimphina chifukwa cha maondo. Tsiku loyamba atamva kumene ndimachokera anawomba m'manja. "Ndiye ndiwe wa kuseri kwa nyumba chabe. Malire yaja anajambula munthu woledzera." Kuyambira pamenepo dzina langa linatha, ndinangokhala "iwe wa ku Mchinji." Ndiwo anandiphunzitsa basi yokwera, gogo woluma, gogo wobisa mapilisi kunsi kwa lilime. Kwawo anasiya amuna awo, a Zulu, odwala shuga, ndi ana atatu. Ndalama zonse ankatumiza, iwo n'kumakhalira buledi ndi tiyi.

Nditatha chaka, ndinaona chikwangwani pa siteji ya basi: mayi wakuda ngati ine, atavala yunifomu ya unamwino, mano onse ali panja. Pansi pake analemba kuti koleji ina ya boma itsegula zitseko Loweruka kuti anthu akaone. Dzina sinditchula. Inali ulendo wa mabasi awiri kuchokera kwathu.

Tinapita awiri, titatchena ngati a ku ukwati. Zimene tinaona, ndisaname, zinanditenga mtima. Chipinda china atsikana akuphunzira kukonza tsitsi pa mitu ya pulasitiki, china akulumikiza mipope ya madzi. Kwina ophika, kwina okonza galimoto, kwina makompyuta mzere wonse, wogwiritsa ntchito aliyense, m'chipinda chofunda bwino kuposa chimene ndinkagonamo. Kumene ankaphunzitsa zomangamanga tinamva kuti khoma limene amanga m'mawa amaligwetsa madzulo kuti mawa ayambirenso. Amake Dalitso anagwira pakamwa. "Njerwa izi ku Chipata ni nyumba ya munthu, iwe." Kenako tinalowa m'chipinda chokonzedwa ngati wodi, mabedi enieni, zidole za msinkhu wa munthu zitagona. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Zaka zonse zija ndinkalowa mu wodi ndi mopu, apa ankati ndikhoza kulowa ndi buku.

Mayi wa pa tebulo lolembetsa anali waulemu kwambiri. Anandifotokozera kuti njira yanga ndi ya zaka ziwiri. Chaka choyamba Chingerezi ndi masamu, chifukwa satifiketi yanga ya fomu folo saiwerengera mokwanira. Chaka chachiwiri kozi yotsegula khomo la ku yunivesite, kumene munthu amakaphunzira unamwino weniweni. Makalasi Lachiwiri ndi Lachinayi, m'mawa mpaka masana.

"Ndipo anthu ambiri olandira zochepa ngati inu salipira kanthu," anatero.

Ndinatsina Amake Dalitso pa ntchafu. Kenako mafunso anayamba. Mwakhala m'dziko muno zaka zingati? Viza yanu ndi yotani? Kumwetulira kuja sikunachoke, cholembera chokha ndicho chinaima.

"Pepani. Zaulerezo ndi za amene akhala kuno zaka zitatu. Ngongole ya boma ya chaka chachiwiri ndi ya anthu okhazikika. Inu mudzalipira nokha, zonse."

Anandilembera mtengo pa kapepala. Ndinauwerenga kawiri, n'kuusandutsa makwacha m'mutu. Ndipo pa kapepalapo panalibe zina zimene ndinadzakumana nazo m'njira: ndalama yoti ofesi ina ione ngati satifiketi yanga ndi yeniyeni, mabasi anayi pa tsiku, laputopu, mabuku, kalata ya kupolisi.

Mu basi yobwerera ndinayamba kulalata. Msonkho ankandidula mwezi ndi mwezi osandifunsa kuti ndakhala zaka zingati. Matako a agogo awo ndinkapukuta popanda wondiitanitsa satifiketi. Chingerezi ndinayamba kuphunziramo ndili sitandade faifi, ndimalankhula ndi makolo awo tsiku ndi tsiku, ena amafera m'manja mwanga tikumvana bwinobwino, lero ndilipire kuti andiphunzitse Chingerezi? Anthu mu basimo onse anayamba kuyang'ana pa windo.

Amake Dalitso anandisiya mpaka mpweya unandithera. Kenako anati, "Manje watsiriza? Ndalama uzapeza, uli na manja. Vuto ni masiku. Lachiwiri na Lachinayi nizakugwirira ine."

"Amake Dalitso, ndi maondo anuwo?"

"Maondo ni yanga. Ine mutu unauma kale, iwe ukali nawo. Ufuna ukalambire pa siteji ya basi monga ine?"

Manijala wathu, mtsikana wa zikhadabo zazitali, sanadzutse n'komwe mutu pa kompyuta. Anati sukulu ndi nkhani yanga, iye chimene akufuna n'choti nyumba iliyonse ilowe munthu, ndipo maola anga asachepe chifukwa viza ili ndi malamulo ake. Tinagwirizana kuti Amake Dalitso atenge masiku anga awiriwo, ine nditenge Loweruka ndi Lamulungu lawo. Pa pepala zinkaoneka zolingana. Koma nyumba zanga za Lachiwiri ndi Lachinayi zinali za kumtunda, zokwera masitepe, za anthu onenepa ofuna kunyamulidwa. Komanso manijala atazindikira kuti mayi aja Loweruka amakhala pakhomo, anayamba kumawaimbira, ndipo iwo sankadziwa kukana chifukwa mankhwala a amuna awo ankadikira. Zonsezi ndinkaziona, koma maso ndinkawabwezera m'buku.

Fizi ndinkalipira pang'onopang'ono, ndipo inandikuta mafupa. Nyama ndinasiya, tsitsi ndinameta, mtunda woti ndikwere basi ndinkauyenda pansi. Bambo wina wokalamba amene ndinkamusamalira, wogwira kale ntchito ku fakitale ya zitsulo, ankandifunsa masamu ndikumumeta ndevu. Tsiku lina anandiuza akuseka kuti mdzukulu wake analembetsa pa koleji yomweyo, mwaulere, n'kusiya patatha masabata atatu chifukwa m'mawa kumazizira. Ndinaika lezala pansi kaye, ndinapita ku bafa kukatsegula madzi, kenako ndinabwera kudzamaliza ndevuzo.

Sukuluyo ndinaikonda, ndipo n'chimene chimandipweteka. M'kalasi munali mayi wina woyendetsa basi, bambo wa ku Sudan, atsikana obereka ali aang'ono, tonse anthu oti sukulu inatiphonya pa nthawi yake. Chaka choyamba ndinakhoza mosavuta. Mphunzitsi wa Chingerezi anandifunsa kuti ndikutani m'kalasi mwake, ndinati mukafunse ku ofesi kwanu. Chaka chachiwiri chinali china: mtima, impso, magazi, kulemba nkhani zazitali zotchula buku lililonse limene wawerenga. Mphunzitsi wa bayoloje, mayi wamtali wa imvi, akamandibwezera pepala ankanena kuti ndili ndi mutu wa namwino. Madzulo pa tebulo la kukhitchini Amake Dalitso ankaviika mapazi m'beseni, buku langa lili m'manja, n'kumandifunsa mafunso. Ndikalakwa ankandigogoda ndi supuni pa chipumi.

Kwathu ndalama zotumiza zinachepa, ndipo woyamba kudandaula anali ndani? Mchimwene wanga yemwe uja. "Achemwali, munapita kukagwira ntchito kapena kukasewera sukulu? Pa msinkhu wanuwo?" Ndinamukumbutsa amene anadya fizi ya bambo, n'kudula foni. Tinatha miyezi osalankhulana.

Kutatsala masabata asanu ndi atatu kuti timalize, tinaphunzira za kuthamanga kwa magazi. Mawa lake ndinagula kamakina koyezera, ndinabwera nako kunyumba n'kuyeza onse a m'nyumba tikuseka. Pa mkono wa Amake Dalitso kuseka kunatha. Ndinayezanso. Ndinasintha mkono. Nambala inali ija mphunzitsi anatiuza dzulo lake kuti ukaiona usadikire.

"Mutu umakupwetekani?"

"Mutu wa munthu wogwira ntchito ulekeranji kuwawa?"

"Mawa m'mawa mupite kwa dokotala."

"Mawa ni Lachinayi."

"Ndijomba. Shifiti ndigwira ndekha."

"Ujombe, na mayeso yaja unali kulira nayo dzulo? Kamakina kako ni kabodza, ka mtengo wotsika. Nizapita ukatsiriza. Masabata eyiti si chaka."

Ndikanatha kukuwa, pakamwa ndili napo. Ndikanatha kuwabisira nsapato, kuitana a mpingo, kuimbira a Zulu ku Chipata. Ndinadziwa chimene nambala ija imatanthauza, ndinali nditalipira ndalama zambiri kuti ndidziwe. Koma mawa lake kunalidi mayeso, ndipo ndinkawafuna. Ndinabweza kamakina m'bokosi, ndinati chabwino, koma muchepetse mchere.

Anagwa patatha masabata awiri, Lachiwiri, pa siteji ya basi kumtunda kuja, pakati pa nyumba yachinayi ndi yachisanu ya mndandanda wanga. Ine ndinali m'kalasi, foni nditazimitsa. Nditayatsa masana ndinapeza mauthenga a kuchipatala, ndipo pofika ndinapeza atawafunditsa kale kumaso. Mtsempha wa m'mutu, anatero dokotala. Ndili pompo pa benchi, chikwama cha mabuku chili pamiyendo, uthenga wa manijala unalowa. Anati wamva, ndi zachisoni kwambiri, anali mayi wabwino. Mzere wachiwiri unali wofunsa ngati Lachinayi ndigwira.

Kwathu munthu akamwalira lero, mawa kapena mkuja waikidwa, anthu n'kubalalika. Kumeneko ayi. Poti anagwera pa msewu, thupi analisunga kuti alipime. Kenako mapepala, kenako kusonkha ya ndege, chifukwa a Zulu ananenetsa kuti mkazi wawo sagona m'dothi la eni. Zonsezi zinatenga masabata asanu. Ndipo thupi lisananyamuke maliro sanathe, nyumba ya siwa sitsekedwa. Nyumba ya siwayo inali yathu ija. Wachibale analibe m'dziko lonselo, ndiye mwini maliro ndinali ine.

Anthu anabwera, ndisawanamizire. A ku Manchester, a ku Hull, Amalawi ndi a ku Zambia, aliyense pa tsiku lake lopuma, ena molunjika kuchokera ku shifiti ndi yunifomu. Amayi ankagona pansi pa balaza, ena m'chipinda mwanga. Nyimbo tinkaimba motsitsa chifukwa mzungu woyandikana nafe ankagogoda khoma. Ine ndinali wolandira alendo, wofotokozera aliyense wolowa mmene zinakhalira, wopita ku maofesi ndi pasipoti ya malemu. Mashifiti a Lachiwiri ndi Lachinayi anabwerera kwa ine mwini wake, chifukwa manijala analibe munthu wina ndipo kukana kunali kutaya viza. Za ntchito olirawo ankamvetsa, onse anali pa chingwe chomwecho. Koma kuti nditsegule laputopu pakati pawo, ndizilemba za impso, mayi atafera pa shifiti yanga? Ngakhale anthu akanalola, manja anga akanakana.

Za sukulu sitinaiwale ayi. Tsiku lachiwiri la maliro akuluakulu anakhala pansi kugawa mauthenga monga timachitira: uyu auze ku Chipata, uyu ku ofesi ya kazembe, uyu ku mipingo ina. Wa ku koleji anautenga a Banda, mkulu wa mpingo wathu, bambo wa imvi wogwira ntchito yolongedza katundu. Anati uthenga wa maliro sungoponyedwa pa foni, apita okha. Anavala jekete ndi tayi, anakwera mabasi awiri aja, anataya theka la shifiti. Pobwera anakhala pa mpando n'kuvula chipewa.

"Mayi, uthenga wafika. Ndauza mtsikana wa polandirira alendo, dzina lanu ndatchula kawiri. Wati pepani kwambiri, mpaka wagwira pamtima."

Mtima wanga unakhala pansi. Maimelo a ku koleji ndinkawaona akulowa pakati pa mauthenga ambirimbiri, koma sindinatsegule ngakhale imodzi. Ndinkati akupepesa maliro.

Bokosi linanyamuka pa bwalo la ndege la ku Manchester Lachisanu. Lachiwiri lotsatira ndinachonderera manijala mpaka anandipatsa theka la tsiku, ndinathamangira ku koleji ndi mapepala anga osamaliza. Pa geti ndinagunditsa khadi langa monga mwa masiku onse. Kunayaka kofiira. Ndinapukuta khadi pa siketi, ndinagunditsanso. Kofiira. Ana a sukulu ankangondilambalala ngati chitsa.

Ku ofesi ndinapeza mayi yemwe uja wa pa tebulo lolembetsa, ulemu wake uli chimodzimodzi. Anatembenuza kompyuta kuti ndione ndekha. Wophunzira akajomba masabata anayi otsatizana popanda chikalata, amachotsedwa m'kaundula. Anandilembera katatu konse. Panali fomu yoti munthu wogweredwa zovuta adzaze pasanathe masiku angapo, ndipo masikuwo anali atadutsa kalekale.

"Koma tinatumiza munthu," ndinatero. "Munthu wamkulu. Anabwera pano ndi tayi."

"Anasiya kalata?"

"Anasiya mawu."

Anandiyang'ana ngati ndanena kuti tinatumiza nkhunda. Kenako anandikankhira bokosi la tishu, ine ndisanalire n'komwe. Anati tiyesebe kudandaula mochedwa, mwina akuluakulu amva. Anatulutsa fomu ija. Panali timabokosi: kholo, mwana, mwamuna kapena mkazi, m'bale wobadwa naye.

"Malemuwa anali ndani wanu?"

Ndinayamba kufotokoza. Kuti tinkakhala nyumba imodzi. Kuti kwa zaka ziwiri ankakwera masitepe anga kuti ine ndikhale pa mpando wa m'kalasi mwawo. Kuti fizi ndinalipira ine koma masiku analipira iwo.

"Ndiye tilembe kuti mnzanu wa kuntchito?"

Apo ndiye ndinaphulika. Zimene ndinanena sindizikumbukira zonse, zina zinatuluka m'Chichewa. Ndinawauza kuti pa chikwangwani chawo achotse mayi woseka uja, ajambule mayi wamfupi wotupa mapazi ataima pa siteji, anthu azidziwiratu mtengo wa kozi yawo. Mlonda anabwera n'kuima pakhomo, nayenso mwaulemu. Chopsetsa mtima m'dziko lija n'chimenecho. Palibe wokukalipira, palibe wokutukwana, aliyense akumva nawe chisoni, koma chitseko n'chotseka ndithu. Umasowa woti umugwire pa kolala.

Anzanga anati ndikanangolemba kuti anali mchemwali wanga. Koma a ku koleji ankafuna umboni wa pepala, ndipo mapasipoti athu anali a mayiko awiri. Yankho linabwera patatha masabata awiri. Anamva chisoni kwambiri. Zotsatira za kalasi yathu zinali zitatumizidwa kale kwa oyesa mayeso, dzina langa mulibe. Ndinali wolandiridwa kudzayambiranso chaka chachiwiri, ndi kulipiranso fizi yonse. Mphunzitsi wa bayoloje anandilembera payekha kuti anayesetsa, ndipo ndikukhulupirira kuti anayesetsadi.

Fizi mwina ndikanaipezanso. Koma Lachiwiri ndi Lachinayi ndikanapempha ndani? Ndinayang'ana nkhope za anzanga m'nyumba muja ndi ku tchalitchi, onse otopa, onse otupa mapazi, sindinapemphe aliyense. Ndinagwira chaka china chimodzi, nyumba za kumtunda zomwe zija, mpaka msana unakana.

Ndinabwerera ndi masutikesi awiri. Chisomo ndinamupeza ali wamtali kundiposa, akuitana mng'ono wanga kuti amayi, ine n'kumandipatsa moni wogwada wa alendo. Mchimwene wanga anabwera tsiku lachitatu kudzapempha mpamba wa bizinesi. Za sukulu palibe anafunsa, ndipo ndinathokoza.

Patatha mwezi ndinawoloka malire pa Mwami kukaona manda. A Zulu ndinali nditalankhula nawo nthawi ya maliro yokha, za mapepala ndi ndege. Dalitso, mwana wawo woyamba, mayi wa ana awiri tsopano, ndiye anandichingamira pa depoti. Tinapita ku manda, tinazula udzu, tinapemphera. Pobwerera ndinapeza pakhomo padzaza anthu, mipando atatulutsa, nkhuku ataipha. A Zulu anali pa mpando pakhonde, ndodo ili pambali.

"Awa ndiye anesi athu," anauza anthuwo. Kenako anatembenukira kwa ine. "Amake Dalitso Sande iliyonse pa foni anali kukamba za imwe. Ati nili kuphunzitsa nesi kuno, mutu wake wakuthwa. Ati ku kiliniki angokupatsani mapilisi chabe, uyu akatsiriza azabwera kuona mwendo wanu bwinobwino."

Ine sindinkadziwa. Zaka zonse zija tikulekanitsidwa ndi khoma limodzi, sanandiuzepo.

A Zulu anapinda buluku pang'onopang'ono mpaka pa bondo, n'kundipatsa mwendo. Ndinagwada, ndinamasula nsanza. Chilonda chinali pamwamba pa kakolo, chakuda m'mbali, ndipo fungo lake ndinalidziwa. Anthu anasendera kuti aone nesi wa ku Mangalande akugwira ntchito. Ndikanatha kunama. Kutsuka chilonda ndimatha kuposa anamwino ambiri, palibe akanadziwa. Ndinawauza za mwendowo, mokweza kuti Dalitso amve, kuti mawa lomwe apite ku chipatala chachikulu ndipo asalole kubwezedwa ndi mapilisi.

"Koma ine si nesi, bambo," ndinatero. "Sindinamalize."

"Simunatsirize?"

"Kunatsala masabata asanu ndi limodzi."

A Zulu sanandikalipire, sanafunse chifukwa. Ndinkafuna andifunse, ndinali wokonzeka kuwauza zonse, ndi mbali yanga yomwe. A Zulu anayang'ana njira yochokera ku manda nthawi yaitali. Kenako anawerama, anatenga nsanza ija m'manja mwanga, anamanga okha chilonda chawo, n'kutsitsa buluku.